Batani la Nazale ya Fainala

Vincent ankakonda zinthu zooneka bwino. Nsapato zake zinkawala ngakhale mu Okutobala, mwezi umene fumbi la ku Chamama limalowa mpaka m'mano, ndipo pulogalamu ya pakompyuta imene analembera esiteti ya a Lemani inali yosalala kuposa nsapatozo. Chomuwawa chinali choti pa esiteti yonse panalibe munthu wotha kuiwerenga kuti amuyamikire. Ankangoitsegula yekha n'kumaiyang'ana, uku akugwedeza mutu.

A Geoffrey Lemani ankalima fodya wa bale ndi matenanti, monga ankachitira bambo awo, koma iwo ankafuna kudziwika kuti ndi mlimi wamakono. Anagula pampu ya sola, thanki yaikulu ndi mapaipi obowolabowola oyala m'mabedi a mbande. Kenaka anaitana Vincent kuchokera ku boma la Kasungu kuti apange zoti madzi azitsegulidwa munthu ali khale mu ofesi. Pa sikirini panali mabatani, lililonse lili ndi dzina la tenanti mwini nazale. Kalaliki wa pa ofesi, mtsikana wotchedwa Goodness, ankadina m'mawa ndi masana, ndipo kutali kudambo mpopi unkatseguka wokha.

Poyamba batani linkadikira kaye yankho lochokera ku mpopi lisanasinthe mtundu. A Lemani sanakondwe nazo. "Ine ndikadina ndizionanso kuti ndadina," anatero. "Kudikira ndinatopa nako ku okushoni." Vincent anakonza zoti batani lizibiriwira pomwepo chala chikangolikhudza, ndipo mumtima anasangalala, chifukwa mizere ya m'pulogalamu yodikirira yankho ija ndi imene inkanyansitsa tsamba lake.

Pamodzi ndi makinawo panabwera lamulo: tenanti aliyense wopezeka akuthirira nazale ndi keni achoke pa esiteti. A Lemani ankati mbande zikamwa kawiri zimaola patsinde, zomwe zili zoona. Ankatinso ena amanamizira nazale pamene akuthirira tomato wawo ndi madzi a esiteti, zomwenso zili zoona. Chimene sankatchula n'choti anali atadzitama kale pamaso pa alimi anzawo kuti kwawo keni inapuma pantchito.

Chimene Vincent ankanyadira kwambiri m'pulogalamu yakeyo anali madekoleta. Dekoleta ndi kamzere kamodzi koyamba ndi chizindikiro cha @, kamene wolemba amakakhazika pamwamba pa malamulo a ntchito inayake. Kamzereko kamanena kuti batani lakutilakuti likadinidwa, ichitike ntchito ili m'munsiyi. Anzake ambiri amalumikiza batani ndi ntchito yake mwa njira yaitali, mizere ili balalabalala. Vincent ayi. Mpopi uliwonse anaulembera ndime yake, pamwamba n'kuikapo kadekoleta kake, ndipo tsamba lonse linkaoneka ngati asilikali ovala zipewa.

Chaka chimenecho mkulu wake wa Vincent, Zakeyo, anamwalira ali tenanti pa esiteti ina ya ku Wimbe. Maliro atatha, eni esitetiyo anauza mkazi wake Fainala kuti pangano linali ndi mwamuna, choncho alongedze. Kwawo ku Phalombe munda wa amayi ake unali utagawidwa kale mpaka kutsala ngati mphasa. Anali ndi ana, ndipo analibe kolowera. Vincent anavala shati yake yabwino n'kukagwada kwa a Lemani.

"Ine mkazi yekha sindilemba," anatero a Lemani. "Fodya amafuna msana wa mwamuna. Koma poti ndi inu, abwere. Tiona pa nazale. Mbande zikakanika, kapena akandiphwanyira lamulo, musadzandione ngati woipa."

Fainala anamupatsa malo akumapeto kwenikweni, kuseri kwa chulu chachikulu, kumene msewu wa thirakitala umathera m'mabulugama. Amisiri anakokerako paipi n'kumangirira mpopi. Kunatsala batani. Vincent tsiku limenelo anali ku boma, koma sanadandaule, pakuti m'pulogalamu anali ataikamo kale kabokosi kolembedwa kuti Onjezani Nazale. Anaimbira foni Goodness n'kumuuza kuti alembemo dzina la Fainala ndi nambala ya mpopi.

"Latulukira," anatero Goodness.

"Talidinani."

"Labiriwira."

"Basi, zatheka," anatero Vincent, n'kupitiriza kudya chipisi chake.

Apa ndiye panagona nkhani. Dekoleta ili ndi khalidwe lake: imawerengedwa kamodzi kokha pulogalamu ikamadzuka, ndipo imangodziwa batani limene wolemba analitchula ndi dzina pa nthawi yolemba. Batani lobadwa pambuyo, pulogalamu ili kale pantchito, palibe dekoleta yolilandira. Limaoneka ngati anzake, limadinika ngati anzake, limabiriwira ngati anzake, koma kuseri kwake kulibe chingwe chilichonse. Vincent zimenezi ankazidziwa bwino, ndipo akanatha kuphunzitsa ena. Kungoti kabokosi kaja anakawonjezera mochedwa, tsiku lina atatopa, ndipo atakayesa anangoona kubiriwira n'kukhutira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Masabata anapita. Dzuwa linkaswa mtengo, ndipo Goodness ankadina mabatani onse mokhulupirika, la Fainala lomwe. Kapitawo wa esiteti, a Tsoka, ankadutsa panjinga yamoto n'kusuzumira kuseri kwa chulu osatsika. Ankaona mabedi obiriwira, ndipo ankakauza bwana kuti makina afika mpaka kumapeto. A Lemani anaimbira Vincent kumuuza kuti mbande za mlamu wake zaposa za amuna onse. Vincent anamva kukoma kawiri, ngati mlamu komanso ngati mwini makina.

Tsiku lina masana ananyamula shuga ndi sopo kukaona mlamu wakeyo. Anamupeza atagwada m'mbali mwa bedi akuzula udzu ndi zala. Mbande zinalidi zokongola, masamba ngati makutu a mbewa, zothithikana bwino. Koma Fainala anali atatha. Khosi linali litatalika, ndipo podzuka kuti amulonjere anayamba wagwira m'chiuno.

"Mwatipeza, alamu," anatero, akuwomba m'manja pang'ono.

"Ndakupezani. Koma mukudwala kodi?"

"Ayi, ndi dzuwali."

Vincent anawerama kuti aone paipi yake, poti mmisiri sadutsa ntchito yake osaisisita. Paipiyo inali yotentha ndi yopepuka. Pa timabowo take panali fumbi louma, ndipo pa kabowo kena nyerere zinkalowa ndi kutuluka mosatekeseka. Dothi la m'bedi linali lonyowa ndithu, koma lonyowa paliponse mofanana, osati motsata mzere wa paipi. Anaimirira n'kuyang'ana uku ndi uku. M'tsekera za kumunsi munali kanjira kopondeka bwino kolowera kudambo, ndipo atakatsata pang'ono anapeza makeni awiri obisidwa mu udzu. Anawatulutsa n'kubwera nawo.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Fainala anayang'ana pansi. "Ndi makeni."

"Ndikuona kuti ndi makeni. Lamulo simukulidziwa? Akakupezani nawo mukuchoka."

"Ndikulidziwa."

"Nanga bwanji?"

Fainala anapukuta manja pachitenje. "Madzi sabwera, alamu. Chifikireni ine pano, paipiyi sinadonthepo. Ndinadikira tsiku loyamba, lachiwiri, mbewu ili m'dothi. Ndiye ndinakumba kachitsime kumunsiku. Ndimatunga kusanache bwino, ndi masana a kapitawo akadutsa."

"Osandiuza bwanji? Foni muli nayo."

"Ndikanati chiyani? Kuti makina a alamu anga sagwira? Inu ndi amene munandipemphera malo ano. Bwana akanamva kuti zinthu zanu zili ndi vuto, mukanaoneka bwanji? Ndinati bola msana wanga, suoneka pa ofesi."

Vincent anachita manyazi osaneneka, manyazi otentha kumaso. Mkazi wa mkulu wake ankasenza madzi mobisa ngati wakuba, pofuna kuteteza dzina la munthu amene ankadya chipisi ku boma. Mawu oti apepese anamukanika. Anaika makeni pansi pomwepo, pambalambanda, n'kunena kuti, "Ndikubwera," ndipo anauyamba wa ku ofesi, nsapato zili mbuu.

Sanavutike kupeza cholakwa. Atangotsegula tsamba lake lokongola lija anachiona: madekoleta ali ndondondo, lililonse ndi batani lake, ndipo dzina la Fainala palibe paliponse. Goodness anamufunsa ngati pali vuto. Iye anati akungosesa pang'ono. Anachotsa madekoleta onse, ndi mtima wowawa ngati akugwetsa nyumba yomanga yekha, n'kulemba mwa njira yaitali ija imene ankaseka nayo anzake, yoti batani lililonse likangobadwa lizilumikizidwa pomwepo ndi mpopi wake. Mizere yakaleyo anaifufuta yonse osasiyako ndi kachidutswa komwe, mwaukhondo, monga mwa chikhalidwe chake.

Anafuna kuyesa, koma anakumbukira kuti Fainala anali atathirira kale masanawo, ndipo madzi ena akanaoletsa mbande. Anangoonetsetsa pa sikirini kuti uthenga tsopano uli ndi njira yotulukira. Anaganiza zobwerera kuseri kwa chulu kukamuuza, koma kenaka anaona chithunzi china m'mutu mwake: m'mawa, Fainala ataima pa nazale, madzi n'kungoyamba kutuluka okha, iye Vincent n'kutulukira kuseri kwa chulu akumwetulira. Chithunzicho chinamukomera kwambiri kuposa kupepesa. Anakwera kabaza n'kupita kukagona kwa mnzake ku Chamama.

Sanadziwe kuti a Tsoka anamuona akuchokera kudambo mothamanga, ndipo anadabwa chimene chingathamangitse munthu wa nsapato zotere. Anakhotetsa njinga n'kukafika kuseri kwa chulu, ndipo ulendo uno anatsika. Makeni anali pomwe Vincent anawasiya. Fainala anali atapita kukaika shuga kunyumba.

M'mawa mwake Vincent anafika ali ndi kumwetulira kwake kokonzeratu. Atazungulira chulu anapeza galimoto ya a Lemani itaima, a Tsoka atanyamula makeni m'manja monse, ndi matenanti angapo ataima chapatali, manja kumbuyo. Fainala anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, ngati pamaliro.

"Mwafika bwino, a Vincent," anatero a Lemani. "Nkhaniyi ikukukhudzani. Mayi awa ndinawalandira chifukwa cha inu. A kapitawo awapeza ndi makeni, ndipo kumunsiku kuli chitsime. Ndawafunsa chifukwa chake, akungoyang'ana pansi. Mayi, ndikufunsani komaliza. Madzi ndimakupatsani aulere, ofika okha. Mukuthiriranji ndi keni?"

Fainala anadzutsa mutu n'kuyang'ana Vincent. M'maso mwake munali kupepesa. Anali atasunga dzina la mlamu wake mpaka pamene akanathera, koma tsopano pa sikelo panali ana ake.

"Bwana, mundikhululukire, ndipo alamu andikhululukire," anatero ndi mawu otsika. "Madzi sabwera. Paipi iyi sinatulutsepo madzi chiyambire."

"Yayi, bwana," anatero a Tsoka. "Kwina konse akufika. Paipi ya iwowa yokha ndiyo ili ndi ufiti?"

A Lemani anakweza dzanja. Ankakonda kuoneka achilungamo, makamaka anthu akamaonerera. "Palibe chifukwa chokangana. Ine sindiweruza ndi mphekesera. Tidina pompano. Madzi akapanda kubwera, mayi awa akhala, ndipo ndiwapepesa pamaso pa nonse. Akabwera, ndiye kuti andinamiza." Foni inali kale kukhutu. "Goodness, dina la Fainala."

Apa m'pamene mutu wa Vincent unagwira. "Bwana, tadikirani kaye, pali zoti ndifotokoze."

"Mufotokoza, musadandaule. Goodness, wadina?"

Paipi inakhosomola kawiri, inagwedezeka, kenaka madzi anatumphuka pa timabowo tonse, mizere yowongoka bwino, yonyezimira padzuwa la m'mawa. Anagwa pa mbande mofatsa, mofanana, kuyambira kumutu kwa bedi mpaka kumapeto. Pa ntchito zonse zimene Vincent anagwirapo, palibe inagwira bwino chotere. Matenanti anang'ung'udza. Fainala anayang'ana madziwo kukamwa kuli yasa, kenaka anayang'ana mlamu wake.

"Bwana, mayiwa sakunama," anatero Vincent. "Batani lawo silinkagwira. Cholakwa chinali changa. Ndinachipeza dzulo masana ndipo ndinakonza. Madzi awa ndi oyamba."

"Dzulo," anatero a Lemani, akumwetulira. "Lachita mwayi bwanji batani limeneli, kuchira dzulo lomweli."

"Ndi zoona. Ndinagwiritsa ntchito madekoleta, ndiye dekoleta imangogwira batani limene linalipo polemba. La iwowa linabwera pambuyo."

"A Vincent, Chizungu chimenecho mukauze anzanu a ku boma. Ine ndifunsa mwana amene amadina." Anaika foni pa sipika. "Goodness, batani la Fainala linayamba lakanapo?"

"Ayi, bwana," anayankha Goodness, mosangalala kuti akuthandiza. "Tsiku lililonse limabiriwira bwinobwino."

"Limabiriwira chifukwa munandiuza kuti lizibiriwira pomwepo," anatero Vincent. "Kubiriwirako sikutanthauza kuti madzi atuluka."

Nkhope ya a Lemani inasintha pang'ono. "Ndiye mukuti cholakwa n'changa?"

"Ayi, bwana, sindikutero. Koma taonani, dzulo m'paipimu munali nyerere. Mwamvanso mmene yakhosomolera."

"Mapaipi onse amakhosomola, ndipo nyerere si mboni. Chabwino, tipite ku ofesi mukandionetse pamene panalakwikapo."

Vincent anakumbukira mizere imene anafufuta dzulo lake. Panalibe choonetsa. Tsamba linali loyera, lokonzeka, lopanda chipsera. Ngakhale akanasunga mizere yakale ija, ndani pa esiteti akanaiwerenga? Anaima pamenepo, madzi akumuthovukira pa thalauza, akuchonderera kuti anthu akhulupirire kuti iye ndi mmisiri wolephera, ndipo panalibe womukhulupirira.

A Lemani anamugwira paphewa mwachikondi. "Ndakumvetsani, ndipo ndakulemekezani. Si ambiri angadzipake matope chifukwa cha mkazi wa mbale wawo. Koma musanyoze ntchito ya manja anu. Makina anu ndi abwino kuposa mmene mukuwanenera, tonse taona ndi maso. Sabata yamawa kukubwera alimi a ku Wimbe kudzaona, ndipo ndawauza kale za inu." Anatembenukira kwa Fainala. "Mayi, keni yokha mwina ndikanaikhululukira. Koma mwandinamiza pamaso pa anthu, ndiponso mwanamizira mlamu wanu amene anakugwadirani. Mbande zitsala, ndi za esiteti, ndipatsa wina. Ine si munthu wankhanza. Thirakitala ikuperekezani mpaka ku Chamama."

Vincent anawatsatira mpaka pa galimoto akulankhulabe. Ananena kuti asiya ntchito. A Lemani anaseka n'kunena kuti mtima ukakhala pansi akambirana, ndipo anakweza galasi. A Tsoka anamangirira makeni kumbuyo kwa njinga. Matenanti anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kwina.

Katundu wa Fainala sanachedwetse thirakitala: mphasa, ndowa, mapoto, thumba la ufa losadzaza ndi kachikwama ka malemu Zakeyo. Ana anakwera kaye n'kukhala pa thumbalo. Vincent anafuna kunyamula ndowa, koma Fainala anali ataikweza kale. Vincent anaima pambali pa ngolo ya thirakitalayo, akusowa poika manja.

"Alamu, ndalakwa ndine," anatero. "Ndinafuna muone madzi akubwera okha. Ndikanakuuzani dzulo."

"Munafuna zabwino," anatero Fainala. Sanakweze mawu, ndipo kupanda mkwiyo kwakeko kunamupweteka Vincent kuposa kutukwanidwa.

"Ndikupezerani pena. Ndikudziwana ndi anthu ambiri."

"Nyengo yapita, alamu. Nazale zonse anafesa kale, palibenso akulemba."

Fainala anaponda pa tayala n'kukwera, akugwira m'chiuno. Atakhala pansi anakonza chitenje, n'kumuyang'ana kuchokera pamwamba pa ngoloyo.

"Ine ndinali nditazolowera kutunga," anatero. "Mukanangozisiya zosagwirazo, bwenzi mwezi wamawa ndikuwokera fodya wanga."

Dalaivala analiza injini, ndipo Vincent anapatuka kuti ngolo idutse.